Tsiku Limene Ndinati Magazi Akuyenda

Linali Lachitatu lachiwiri la mwezi wa Febuluwale 1996, nthawi itangopitirira 11 awazi m'mawa, pamene ndinanyamula beseni la m'nyumba yochiriramo amayi n'kukalitula pamaso pa amuna asanu, mmodzi mwa iwo apongozi anga. Ana anga, nkhaniyi munaimva m'zidutswa, wina kwa azakhali ake, wina kuchigayo, ndipo aliyense wokuuzani ankaonjezerapo zake. Tsopano ndapuma pantchito, mawondo sakundilolanso kupita kudimba tsiku lililonse, ndiye ndati ndikhale pansi ndiilembe ndekha. Koma za beseni lija simungazimvetse ngati simudziwa mmene ndinalowera ntchito, ndi mtundu wa munthu amene ndinali masiku amenewo.

1992, kudera la Zingalume

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha manyazi. Chinali chaka cha chilala, chija tinadya chimanga chachikasu, ndipo iwe Dailesi unali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinapita nawe kusikelo pa kiliniki yaing'ono ya kufupi ndi kwathu. Namwino analipo mmodzi yekha, Sisita Zulu, ndipo tsiku limenelo anatuluka pakhonde n'kuyamba kufunsa amayi mmodzimmodzi, motsata mzere, chimene ana athu ankadya kunyumba. Nditaona kuti funso likuyandikira kwa ine, ndinayamba kuyang'ana pothawira. Pakona pa khonde panali ndowa ziwiri zopanda kanthu, chifukwa chitsime cha pakiliniki chinali chitauma. Ndinadzuka, ndinakubereka, ndinatenga ndowa imodzi n'kutsikira kudambo kumene anthu anakumba zitsime mumchenga. Kwa ine kusenza madzi mtunda wonse uja kunali kopepuka kusiyana ndi kuyankha funso pagulu. Nditabwerako mzere unali utatha. Sisita anayang'ana ine, anayang'ana madzi, n'kundifunsa ngati mawa ndingabwerenso. Ndinavomera ndi mutu. Ndinatunga madzi milungu itatu, kenaka iwo analemba kalata ku Boma, ndipo ndinalembedwa ntchito ya ukilina.

Sisita Zulu anali mayi wamfupi wochokera ku Chipata, wa mawu aakulu, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Anandiuza poyambirira pomwe kuti kilina wa pakiliniki ya kumudzi sasesa kokha. Ndinkatunga madzi, kukoleza mbaula, kuwiritsa majekeseni agalasi ndi masingano ake, ndi kuchapa magolovesi. Magolovesi anali ochepa, choncho tinkawachapa, kuwayanika pachingwe kuseri, n'kuwathira paudala kuti avalidwenso. Mphepo ikaomba ankagwedezeka ngati manja a anthu otsazika, ndipo iwe Dailesi uli kumsana unkawabayibitsa. Sopo akatha tinkatsukira phulusa. Thonje likatha tinkang'amba mashiti akale a pabedi n'kuwawiritsa. Parafini wa firiji ya katemera Sisita ankamusunga kunsi kwa bedi lawo, ndipo nyali ya m'nyumba mwawo sinkalawako ngakhale dontho. Zinthu zinkasowa ndithu, koma ndikatseka maso lero sindiona kusowako. Ndimaona awirife titakhala pakhonde cha m'ma 16 awazi, odwala atatha, tikuswa nsawawa zokazinga, iwo atavula nsapato akundisimbira za kusukulu ya unamwino, ine ndikungomvetsera.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuyang'anira dilipi, madzi a m'botolo aja amalowa m'thupi la wodwala kudzera m'kapaipi. Tsiku loyamba anandisiya ndi mwana wotsegula m'mimba, ndipo atabwerako anafunsa mmene zinalili. Ndinayankha chapansipansi kuti madzi akuyenda. Anaseka mpaka anagwira chitseko. Anati mtsinje umayenda, njinga imayenda, wotchi imayenda, ngakhale banja limene lagona osalankhulana ukalifunsa m'mawa limati zikuyenda. Nanga iwo pamenepo adziwe chiyani?

"Esinati, pano mawu amenewo tiwasiye panja. Akudontha, akuchucha, kapena akuthamanga? Sankhapo amodzi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuwerenga madontho motsata wotchi ya pakhoma. Sukulu ndinalekezera giredi 4, koma madontho sindinkaphonya, ndipo Sisita anayamba kundisiyira odwala akapita kumidzi kukabaya katemera. Ndi iwo ndinkatha kulankhula, pang'onopang'ono mpaka kuseka mokweza, chifukwa anali mayi mnzanga. Koma mwamuna akalowa m'chipinda, lilime langa linkalemera ngati mwala.

1994, kudera la Zemba

Atate anu atakhala zaka zinayi pachikamwini kwathu, anapempha kuti anditenge chitengwa, tikakhale kwawo. Amalume anga anavomera. Sisita Zulu sanakondwere, koma anandilembera kalata ina, ndipo atate anu anandikweza panjinga kupita nayo ku Boma. Patapita miyezi iwiri anandisamutsira ku kiliniki ya kufupi ndi mudzi wa atate anu. Tsiku lotsazikana Sisita anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati ndiyende bwino, kenaka anazindikira mawu amene atuluka pakamwa pawo, ndipo tonse awiri tinaseka misozi ili m'maso.

Pakati pa kiliniki yatsopanoyo ndi msewu wa ku Boma panali kamtsinje kamene m'chilimwe mwana ankakalumpha, koma m'dzinja ngakhale ngolo inkaima kudikira kuti madzi aphwe. Kunalibe namwino. Kunali mwamuna mmodzi yekha wophunzira za mankhwala, a Mubita, amene tonse tinkawatchula kuti adokotala. Anali wa mtundu wa Alozi, wamtali, wofatsa, wovala malaya oyera osita ngakhale pamatope. Chilankhulo chathu anachiphunzirira ku Lusaka, choncho ankalankhula cha m'tauni, ndipo okalamba ankati adokotala amalankhula ngati wailesi imene mabatire akutha. M'mawa uliwonse akandipeza ndikusesa ankati, "Amake Dailesi, ziyenda?" Ine ndinkayankha maso ali patsache kuti zikuyenda.

Mawu amene Sisita Zulu ankawathamangitsa, a Mubita ankawakonda. Ankati Achewa ndife anthu osamala, tinapeza mawu amodzi n'kuwasenzetsa katundu yense. Ankasimba okha mmene anasokonekera chaka chawo choyamba. Mkulu wina anawauza kuti wabwera choyenda pansi, iwo n'kumuyang'ana m'mawondo kuti aone ngati wakwawa. Mayi wina anati m'thupi mwake mukuyenda zinthu, iwo n'kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Bambo wina anadandaula kuti mkazi wake ndi woyendayenda, iwo n'kumuuza kuti kuyenda kumalimbitsa thupi, ndipo khonde lonse linagwa ndi phwete. Akuluakulu a ku Boma akamabwera, a Mubita ankatiuza kuti tisese bwino, oyendera afika kudzaona ngati ntchito ikuyenda. Koma panali kuyenda kumodzi kumene ankakulemekeza kuposa konse. Anandionetsa kuti ukatsina chikhadabo cha wodwala chimayera, ndipo ukasiya chiyenera kufiiranso msanga. Chikafiira msanga ndiye kuti magazi akuyenda bwino m'thupi, munthuyo ali ndi mphamvu. Kwa a Mubita panalibe uthenga wokoma kuposa wakuti magazi akuyenda.

Amayi oyembekezera a kuderalo sankalola kuchiritsidwa ndi mwamuna. Choncho kuseri kwa kiliniki anthu anamanga kanyumba ka udzu ka zipinda ziwiri, ndipo mwini wake anali aNangondo, mzamba amene anakaphunzirako milungu ingapo ku Boma n'kubwerako ndi bokosi la zida. Analinso namkungwi wamkulu wa midzi yozungulira. Manja awo anali odziwa. Ankangosisita mimba n'kunena mmene mwana wagonera, ndipo sindinawaonepo akulakwitsa. Pakati pa iwo ndi a Mubita panali pangano losalemba: adokotala salowa m'kanyumba kaja pokhapokha aitanidwe, ndipo sankaitanidwa kawirikawiri. Kuchokera pakhomo la kanyumba kufika pakhomo la adokotala panali mapazi makumi atatu, ndipo woyenda mapazi amenewo ndinali ine, ndi madzi otentha, ndi zida zowiritsa, ndi mauthenga. ANangondo ankanditcha mtengwa wosalankhula, ndipo ankauza anzawo kuti ndine woyenera ntchitoyo chifukwa pakamwa panga sipadontha. Kuchinamwali tonse tinalangizidwa kuti za m'chikuta, magazi ake ndi nsalu zake, mwamuna sazimva ndipo saziona. Ine ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo zina mwa izo ndimazilemekezabe.

Za agogo anu aamuna, a Yelemiya, inu mumakumbukira nkhalamba yoseka imene inkakusemerani timipando. Kwa ine anali apongozi. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira kuthengo n'kugwada chozimbaitsa nkhope mpaka adutse. Zaka ziwiri ndinakhala m'mudzi mwawo osalankhulana nawo maso ndi maso. Akafuna kundiuza kanthu ankauza atate anu, kapena ankalankhula ndi khoma la nyumba ine ndili mkati.

Mnzanga m'mudzimo anali mmodzi, Luwiza. Anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mtsikana, ndipo anzake ambiri atabwerera kwawo iye anatsala, chifukwa anali atakwatiwa kuno. Dimba lake linagundana ndi langa. Tinagwirizana chifukwa tonse tinali osalankhulalankhula. Tinkatha kuthirira ndiwo m'mawa wonse titangopatsana moni ndi kubwerekana chitini. Za kwawo, ndi za mmene anafikira kuno, sananenepo, ndipo ine sindinafunse.

Febuluwale 1996

Mvula inali itagwa masiku atatu osalekeza. Kamtsinje kaja kanasefukira, ndipo batire ya wailesi yoitanira galimoto ku Boma inali itafa kuyambira Januwale. Luwiza anafika m'mawa dzuwa litangotuluka, atagwirizidwa ndi mwamuna wake, ndipo itangopitirira 9 awazi anachira mwana wamwamuna. Zonse zinaoneka zabwino. ANangondo ananunkha fodya wawo, ine ndinapita kukaphika phala. Nditabwera nalo ndinapeza chitenje chimene tinamuyalira chitanyowa. Ndinachichotsa, ndinayala china. Phala lisanazizire, chachiwiri chinanyowanso. ANangondo anamusisita pamimba, anamumwetsa mankhwala awo a mizu, n'kunena kuti ena amatero, zisiya. Nditasintha chitenje chachitatu ndinafunsa ngati ndingakauze adokotala. Sanavomere, sanakanenso. Ndinatuluka.

Chitseko cha a Mubita chinali chotsekula pang'ono, ndipo ndinasuzumira. Pabenchi panagona apongozi anga. Khasu la pulawo linawatema pamwendo m'munda, ndipo amuna awiri a m'mudzi anawanyamula kubwera nawo. Awiriwo anali ataima chapakhoma, mwamuna wa Luwiza anali pakhomo kubisala mvula, a Mubita atawerama akusoka chilonda. Ndinagwada panja, kuseri kwa chitseko, kuti apongozi asandione. Mawu oyenera ndinali nawo. Sisita Zulu anandiphunzitsa. Ndikanati akutaya magazi, ndikanati akuchucha osaleka. Koma m'chipindamo munali makutu a amuna asanu, ndipo ndinafufuza mawu ofewa kuposa onse, amene mkazi anganene apongozi ake akumva.

"Adokotala, kuseri kuja magazi akuyenda."

A Mubita sanadzutse mutu. "Ngati yayenda ni bwino, amake Dailesi. Mupaseni tiyi wa shuga. Nizabwela nikasiliza."

Ndinakhala chogwada kanthawi, kudikira kuti mwina afunsa funso lina. Sanafunse. Ndinabwerera. Patapita mphindi ngati khumi ndinapitanso, ndinagwada pamalo omwewo, n'kunena kuti akuyendabe, akuyenda kwambiri. Iwo anandithokoza, anati ndimagwira bwino ntchito.

Nditalowanso m'kanyumba ndinapeza aNangondo atakhala kumutu kwa Luwiza, atamugwira dzanja. Kale kunali chikhulupiriro chakuti mayi akavutika pochira, ndiye kuti pali mwamuna wina amene anagona naye kunja kwa banja, ndipo akamutchula dzina zinthu zimamasuka. Akuluakulu pofunsa zimenezi sankatchula za kugona. Ankagwiritsa mawu aja omwe. ANangondo sankamukalipira, ankamunyengerera ngati mwana wawo.

"Luwiza mwana wanga, ulula. Unayenda ndi ndani? Tchula, magazi aleke."

Milomo ya Luwiza inali itayera, maso ali kudenga. Anayamba kuyankha ndi mawu aang'ono, odukaduka.

"Ndinayenda ndi amayi. Ndi achimwene a Zuze. Ndi kamwana ka achemwali, koma iko tinakasiya pamtsinje. Tinayenda masiku asanu ndi anayi. Amayi anati tsogolani, ndikupezani. Tinayenda ndi aphunzitsi ena a kwathu, dzina lawo ndaiwala."

Anapitiriza kutchula maina, mmodzimmodzi, anthu amene anathawa nawo nkhondo. ANangondo anangomusisita dzanja. Ine ndinatenga dzanja lina la Luwiza. Linali lozizira ngati la munthu wochokera kumtsinje. Ndinatsina chikhadabo n'kusiya. Chinakhala choyera. Ndinawerenga mumtima mpaka kasanu, chili choyerabe.

Kunsi kwa bedi kunali beseni limene ndinkaikamo zitenje zonyowa zija, ndipo pansi pake magazi anali atadikha. Ndinadziwa kuti ndikapitanso ndi pakamwa pokha, pakamwapo padzandigwiritsanso mwala. Ndinawerama n'kulikoka.

"Iwe mtengwa, ukupita nalo kuti limenelo?" anafunsa aNangondo. "Kuli apongozi ako kumeneko."

"Ndawaona."

Mapazi makumi atatu aja ndinawayenda zaka zambiri pambuyo pake, koma a tsiku limenelo ndimawakumbukira limodzilimodzi. Kunkagwa mvula yowaza. Ndinkadziwa chimene ndikuchita, musamve zoti ndinasokonezeka mutu. Ndinkadziwa kuti dzuwa likamalowa mudzi wonse ukhala utamva, ndiponso kuti mwina ulendo wanga wa chitengwa uthera pomwepo, ndibwerera kwathu nditakugwira dzanja iwe Dailesi. Sindinaodire. Ndinakankha chitseko ndi phewa, ndinalowa choimirira, n'kutula beseni pansi pakati pa chipinda.

"Luwiza akufa. Magazi onsewa ndi ake, ndipo sakuleka."

Sindinazindikire mawu anga. Amuna awiri aja anatuluka mopanikizana pakhomo, wina ataphimba nkhope ndi chipewa. Mwamuna wa Luwiza anangokhala pansi pamatope. A Mubita anayang'ana m'beseni, singano ili m'manja. Apongozi anga anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo woyamba kulankhula anali iwo.

"Adokotala, mwendowu suthawa. Thamangani."

A Mubita anasiya ulusi ukulendewera pachilonda. Anatsegula firiji, anatenga jekeseni yoletsa magazi, anatenga mabotolo awiri a dilipi amene anatsala m'kabati, n'kuthamanga. Pakhomo la kanyumba sanaime kudikira kuitanidwa, ndipo aNangondo anawapatsa malo. Anamubaya Luwiza, anafufuza mtsempha nthawi yaitali chifukwa inali itabisala, mpaka anaupeza. Anamusisita pamimba mwamphamvu, n'kuonetsa aNangondo pamene ayenera kukanikiza osasiya. Anati mwana aikidwe kubere. Choimikira botolo chinali chitathyoka kale, choncho choimikira ndinali ine. Ndinaima nditakweza botolo m'mwamba mpaka mkono unachita dzanzi, ndinasintha mkono, linatha botolo loyamba, anaika lachiwiri. Nthawi ndi nthawi a Mubita ankandifunsa, ndipo tsopano sankafunsa ngati ziyenda. Ankafunsa ngati achepa kapena achuluka, ine n'kuyankha mokweza, iwo akundiyang'ana kumaso. Magazi amene ankachucha anayamba kudontha. Cha m'ma 13 awazi analeka. Luwiza anatembenuza mutu n'kupempha madzi akumwa.

Pamene a Mubita ankabwerera kukamaliza kusoka, mankhwala ochititsa dzanzi anali atatha mphamvu m'mwendo wa agogo anu, ndipo ena kunalibe. Anasokedwa akumva, ataluma chipewa chawo. Chipsera chokhota chija munkachiona pamwendo pawo chinachokera tsiku limenelo.

Madzulo ndikutsuka zida, a Mubita anabwera n'kukhala pasitepe. Malaya awo oyera anali osazindikirika. Anati ndinawauza kawiri konse, ndipo kawiri konse iwo anamva kuti zili bwino. Ndinayankha kuti wolakwa ndine, mawu oyenera ndinali nawo koma ndinawabisa. Anapukusa mutu. Anati akhala zaka zinayi akuseka mawu athu pakhonde, osadziwa kuti amayi akalankhula nawo amanena theka, theka lina n'kulisiya kuseri kwa chitseko.

Kunyumba ndinapeza agogo anu aakazi akundidikira kuseri kwa nkhokwe, ali ndi amayi ena awiri ndi aNangondo. Dzuwa linali lisanalowe. Anandikhazika pansi. Anati sindinavule Luwiza yekha, ndavula amayi onse a m'mudzi pamaso pa amuna awo. Anati ntchito ya kuchipatala yandichotsa manyazi, ndipo ndisankhe: ndiisiye, kapena ndisadzapondenso pamene amayi akulanga namwali. ANangondo analankhula pang'ono kuposa onse. Anati Luwiza akanapita ndithu, zimenezo sangakane, koma beseni limavundikiridwa. Ine ndinkangoyang'ana nyerere zikukoka njere ya chimanga.

Ntchito sindinaisiye, ndipo chimene amayiwo ananena anachichitadi. Zaka zambiri ng'oma ya chinamwali ikalira ine ndinkatsala pakhomo, ndipo kuchigayo ankanditcha aNabeseni, dzina limene ena a inu munamenyana chifukwa cha ilo kusukulu osadziwa chiyambi chake. Zinandipweteka, sindikubisirani. Luwiza anachira bwinobwino, ndi uja amakupatsani nzimbe mukabwera kutchuthi, ndipo mwana wake uja lero ali ndi ana ake. Tinapitiriza kuthirira madimba athu moyandikana. Za maina amene anatchula tsiku lija sitinakambepo.

Koma madzulo amenewo zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Ndinkangodziwa kuti andipatsa zinthu ziwiri kuti ndisankhepo. Atate anu atabwera kuchokera kwa makolo awo sanandifunse za beseni. Anafunsa ngati ndadya. Kenaka, akuvula nsapato, anati atate awo atuma mawu: chilonda chawo chifunika kutsukidwa mawa, tsono mtengwa asachedwe kuntchito, madzi akakhale atawira iwo akamafika.

M'mawa mwake ndinafika pakiliniki 6 awazi isanakwane. Ndinasuzumira m'kanyumba, ndinapeza Luwiza ali mtulo, mwana ali pambali pake, aNangondo akuwodzera pampando. Ndinakoleza mbaula, ndinateleka madzi. Kenaka ndinapita kunyumba ya a Mubita n'kuodira. Anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, akuganiza kuti kwagwanso zina. Ndinawapempha kuti atenge pepala ndi bolopeni. Tinakhala pakhonde la kiliniki, iwo pabenchi, ine pansi nditayang'ana kumunda wa chimanga, chifukwa kumaso kwawo sindikanatha. Ndinawauza kuti mayi akati sanasambe miyezi iwiri, sakunena za sopo. Akati msana ukumuwawa ali ndi pakati, mwana ali pafupi. Akati akufuna kutaya madzi, akati wapita padera, akati ali kumwezi, akati matenda ayamba, chilichonse ndinawamasulira, iwo akulemba, nthawi zina akundiimitsa kuti ndibwereze. Titafika pa mawu akuti kuyenda anatembenuza pepala n'kuyamba tsamba latsopano. Tinali tisanafike pakati pa tsambalo pamene ngolo yonyamula agogo anu inatulukira pamsewu, ndipo ndinadzuka kukaphula madzi.